Aba Shamrao ndi Magazi a Mtengwa Wawo

Ine ntchito yanga ndi yobaya anthu. Dzina langa ndine Mangala, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuzungulira m'makwalala a Kolhapur pa kanjinga kanga kamoto, bokosi la ayezi kumbuyo, kutenga magazi a anthu m'makomo mwawo n'kupita nawo kopimira. Munthu ukamugwira mkono n'kumumanga lamba, umamudziwa bwino. Ndaonapo maloya akulira ngati makanda, ndaonaponso tiagogo tikuseka singano ili m'thupi. Choncho ndikamati Aba Shamrao Bahirwade, amene tonse timangowatchula kuti Aba, ndi munthu wachabechabe, musayese kuti ndi nkhani za m'maluwa. Ndakulira mumsewu umodzi ndi iwo, ndamwa mkaka wawo kuyambira ndili wamamina, ndipo ndinalipo pa zonse zimene ndikuuzenizi.

Mutawaona mungawapatse ulemu ndithu. Chimunthu chachitali, khosi ngati mtondo, makutu opindikapindika chifukwa cha masewera ogwetsana, ndevu zopotedwa mpaka kuloza kumwamba. Ali mnyamata ankagwetsana m'bwalo la dothi lofiira, ndipo akuti tsiku lina, ine ndisanabadwe, anagwetsa chiphona china cha kumpoto pamaso pa chinamtindi cha anthu. Kamodzi komweko basi. Koma nkhani yake taimva mpaka makutu kuwawa, ndipo chiphonacho chimanenepera chaka ndi chaka.

Atasiya zogwetsana analowa ntchito ya makolo awo, yokama njati zoweta. M'mawa uliwonse amatsogoza njati zawo zisanu ndi imodzi mpaka pokamira, pakhonde la simenti la pamphambano paja. Wogula amaloza yekha njati imene akufuna, ndipo amaikama iye akuona. Umamwa uli chiimire, mkaka uli wofunda, thovu lili pamphuno. Anyamata ogwetsana amafika pamzere, thukuta kamukamu, aliyense ndi kapu yake yamkuwa, ndipo Aba amakhala pampando ngati woweruza milandu, kubwereza mawu awo amodzimodzi aja akuti, "Mkaka woona ndi maso sunalakwirepo munthu."

Kunena zoona, mkaka wawo ulibe madzi. Pamenepo sindingawanamizire. Vuto ndi loti munthu akakhala woona pa chinthu chimodzi, amayamba kudziyesa woona pa zonse.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Uttam, anawagwiritsa mwala. Anabadwa woonda, wamphumu, ndipo m'bwalo la dothi analowamo kamodzi n'kutulukamo akutsokomola. Lero ndi kalaliki ku fakitale ya shuga. Anthu amati ndi wofatsa. Ine ndimati ndi chisanza chopukutira, pamene bambo ake achiponya m'pamene chimakhala. Anamupezera mkazi ku Ichalkaranji, ulendo wa ola limodzi pa basi, mtsikana wotchedwa Rohini, mwana wa mphunzitsi. Anali wosalankhulalankhula, koma mutu wake unkagwira ntchito kuposa mitu yonse ya m'nyumba imeneyo kuiphatikiza pamodzi.

Rohini atabereka mwana wamwamuna, abale inu, tinagona nazo m'makutu. Aba anagawa maswiti msewu wonse, anamutcha mwanayo Shardul, kutanthauza kambuku, ndipo asanathe n'komwe miyezi iwiri anamunyamula kupita naye kunyumba ya ogwetsana kukamupaka dothi lofiira pamphumi. Ankauza aliyense kuti magazi a Bahirwade anangodumpha m'badwo umodzi, tsopano abwerera. Ankanena zimenezi Uttam ali pomwepo, akumwetulira ngati akumuyamikira.

Mwana anakula thupi bwinobwino. Koma anafika zaka zitatu asanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Ukamuitana sankacheuka. Tsiku lonse ankakhala pansi kuzunguza zivindikiro za zitini za mkaka, ndipo belu la kukachisi likalira ankatseka makutu n'kukuwa mpaka kusasa mawu. Anthu akafunsa, Aba ankayankha kuti kambuku salankhula ndi mbuzi, ndipo anyamata awo aja ankaseka ngati amva nzeru za chaka. Rohini sanaseke. Ananyamula mwana wake yekha, maola asanu pa basi, mpaka kwa dokotala wa ana ku Pune, mayi wina wachikulire. Kumeneko ndiko anamva dzina la vutolo, otizimu. Aba atamva anangolavula. "Matenda a anthu a ku Pune amenewo," anatero, "odya chakudya chopanda mafuta."

Shardul ali ndi zaka zinayi ndi theka, Rohini anandiimitsa pachipata ndi pepala m'manja.

"Achemwali, adokotala akuti pali kupima kwina kumene tingayese," anatero. "Akuti pali vitamini ina, foleti, imene ubongo umafuna, ndipo ili ndi khomo lakelake lolowera ku ubongoko. Mwa ana ena, asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kukaima pakhomo pomwepo, kutsekereza. Akawapeza m'magazi, pali mapiritsi amene amalowera khomo lina."

"Ndiye akamwa achira?" ndinafunsa.

"Sanalonjeze. Akuti ena amathandizikako, ena ayi, ndipo madokotala okhaokha akadali kukangana. Koma ine ndingokhala?"

Kopimira kwathu zimenezo sitipima. Magaziwo ankayenera kupita kutali, pa ndege, ndipo yankho linkatenga masabata. Changa chinali kuwatenga bwino ndi kuwasunga ozizira. Ndinafika m'mawa wa Lachiwiri n'kupeza Aba aitana anyamata atatu ogwetsana, zimphona zokhazokha, akuti adzagwire mwana.

"Mmodzi miyendo, mmodzi mikono, mmodzi mutu," Aba ankalamula. "Ine ndimupana pakhosi pang'ono, sagwedezeka."

"Kodi mukufuna kupha mbuzi?" ndinatero ine. "Tulukani nonse! Aba, inunso imani uko."

Rohini anakhazika mwana pamiyendo, msana wake pachifuwa pake, anamupatsa chivindikiro chake, n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo kamodzimodzi m'khutu mwake. Mwana anakuwa kamodzi, singano italowa kale. Mphindi imodzi sinathe. Nditakweza kabotolo kuti ndilembepo dzina, ndinaona ngwazi yathu ya dothi lofiira yatuwa nkhope, yagwira chitseko ndi manja awiri. Akuti anakumbukira kuti njati ina sinamwe madzi. Anatuluka akuyenda chammbali ngati nkhanu.

Patatha masabata asanu yankho linabwera. Asilikali aja analimo. Adokotala analemba mapiritsi a m'mawa ndi madzulo, n'kuwonjezera chinthu chimodzi: mwana asiye mkaka wa nyama iliyonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako tidzapimenso. Akuti mumkaka muli kanthu kofanana ndi khomo lija, ndipo mwa ana ena kamaputa asilikaliwo kuti asagone. Rohini anandipempha kuti ndikhalepo pouza apongozi ake. Anaima pakhomo la chipinda chochezera, m'mphepete mwa sari, nsalu imene amavala, atafunda kumutu.

"Apongozi, adokotala akuti Shardul ayambe wasiya mkaka. Chambiko, tiyi wamkaka, maswiti amkaka, zonse."

"Bwereza."

Anabwereza. Kenako Aba anaseka chikhakhali mpaka ndevu kugwedezeka.

"Mayi ameneyo akunena mkaka wa kwawo ku Pune, wa m'mapulasitiki, wa choko ndi madzi a m'ngalande. Umenewo inenso sindingapatse ngakhale galu. Wanga anauona?"

"Akuti uliwonse, apongozi. Wa ng'ombe, wa njati, wa mbuzi."

"Uttam! Wamva? Mkazi wako akuti agogo ako, ndi agogo a agogo ako, akhala akugulitsa poizoni pamphambano."

Uttam ankayang'ana foni yake ngati muli nkhani ya maliro. Ine ndinayesa kulowererapo, kuti palibe amene wanyoza mkaka, ndi thupi la mwana mmodzi yekhayu limene lili ndi zakezake. Aba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mofatsa modabwitsa kuti, "Chabwino. Miyezi isanu ndi umodzi. Tione." Kufatsa kumeneko ndikanakukayikira pomwepo, koma ndinapita kwathu ndikudzitama kuti ndagonjetsa chiphona.

Zimene Rohini anaona m'masabata otsatirawo, Mulungu yekha ndiye adziwa. Mwana amene ankangodya chapati chonyika mumkaka basi, tsopano ankamupatsa chonyika m'madzi a kokonati ndi nsinjiro. Ankataya mbale, ankadzimenyetsa mutu kukhoma, ankamuluma mayi ake m'mikono. Rohini anagula kapoto kakekake, kasupuni kakekake, ndipo ankawerenga pepala la bisiketi iliyonse asanamupatse. M'nyumba yonunkha mkaka kuyambira pakhomo mpaka kudenga, iye ankalondera kamwa limodzi.

Ine ntchito yanga imayamba mbandakucha, chifukwa odwala shuga ndimawabaya asanadye. Tsiku lina ndikudutsa pokamira cha m'ma sikisi, ndinaona gulu la anyamata likuwomba m'manja. Ndinachepetsa liwiro. Pakati pawo panali Aba pampando wawo, Shardul pabondo, kapu yamkuwa pakamwa, thovu mpaka m'masaya. Ndinatsala pang'ono kugwa ndi njinga.

"Aba! Mukuchita chiyani?"

"Iwe wobaya anthu, pita ukabaye. Kuno tikumwa."

"Adokotala aja anati chiyani?"

"Anati mkaka wa ku Pune. Uwu wachoka m'bere mwa njati yanga Chandra pompano, anthu makumi awiri akuona. Iweyo mafupa akowo unawatenga kuti? Si pompano?"

"Asisi, musavutike," anatero mnyamata wina, khosi lokhalokha wopanda mutu. "Mkaka wa Aba ndi mankhwala."

Ndinawatukwana onse, sindibisa, mawu amene mayi anga sanandiphunzitse. Iwo ankangoseka. Masana ndinapita kwa Rohini mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti ndikamuuza zachilendo. Anandimvetsera akupeta mphodza.

"Ndikudziwa, achemwali," anatero. "Kolala ya malaya ake imanunkha tsiku lililonse. Amamutenga ine ndikusamba, akuti akukamuonetsa njati."

"Ndiye wangokhala chete?"

"Ndinene kwa yani? Khoswe wakhala pamkhate. Ndinawauza bambo ake a Shardul, akuti agogo ake amamukonda mwanayu, ndisamakulitse nkhani."

Anayesa kusamba usana, anayesa kumutsekera m'chipinda. Aba anauza msewu wonse kuti mtengwa akumana mwana agogo ake, ndipo amayi a m'makomo, omwewo amene amalira akamaonera masewero a pa kanema onena za atengwa ozunzidwa, anayamba kumuyang'ana Rohini ndi diso lakumbali. Mapiritsi okha ndiwo sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Iye ankati mwana wayamba kumuyang'ana m'maso nthawi yotalikirapo, ndipo tsiku lina anamukoka dzanja kumuonetsa mphaka. Kaya anali mapiritsi, kaya kukula, kaya chikondi cha mayi chimene chimaona ndi zomwe palibe, ine sindidziwa. Ntchito yanga imathera pa kabotolo.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana ndinatenganso magazi. Yankho linabwera loti asilikali aja ali pomwe analiri. Tsono mverani zimene munthu wamkulu, wa zaka makumi asanu ndi awiri, ananena ine ndili pomwepo, osaphethira n'komwe.

"Mwaona? Theka la chaka mwana akumanidwa mkaka, ndipo palibe chasintha. Ndiye vuto si mkaka. Vuto ndi kumene anachokera."

Wina wa anyamata awo anali atawawerengera pa foni kuti asilikali omwewo amapezekanso mwa amayi a ana otere. Zoti amapezekanso mwa abambo, mnyamatayo anadumpha, kapena Aba ndiwo anatseka khutu limodzi. Analamula kuti mtengwa apimidwe. Rohini anaimbira adokotala foni, mawu akumveka kwa onse, ndipo mayiwo ananena momveka bwino kuti kupima kumeneko sikuloza wolakwa, kuti asilikaliwo amapezeka mwa amayi, mwa abambo, ngakhale mwa anthu ena amene ana awo ali bwinobwino. Anati ngati banja laumirira, apimidwe onse awiri, apo ayi asapimidwe aliyense.

Ndinabwera ndi timabotolo tiwiri. Pamenepo Uttam anachita chinthu chimene chinandidabwitsa: anakhala pampando n'kuyamba kupinda mkono wa malaya. Anafika nawo pachigongono. Ndinati mumtima, ha, kodi m'chisanzamu muli munthu? Aba anangotsokomola kamodzi. Uttam anatsitsa mkono wa malaya uja pang'onopang'ono, anamanga batani, n'kunena kuti wachedwa kuntchito.

"Magazi a Bahirwade anapimidwa kale m'bwalo la dothi," anatero Aba. "Sapimidwa m'kabotolo."

Ndinayamba kulongedza. Ndinati onse awiri kapena palibe, mwamva nokha. Koma Rohini anandigwira dzanja n'kutambasula mkono wake.

"Tengani, achemwali. Ndikakana adzati ndikubisa. Mwina sapezeka."

Ndinamubaya. Pa anthu onse amene ndikuwanyoza m'nkhani ino, ndiikenipo ndi ine. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti pepala limenelo likadzabwera, silidzawerengedwa ndi dokotala koma ndi munthu amene chigamulo anali nacho kale m'thumba. Mtsempha wake unali wosavuta, wooneka bwino, ndipo dzanja langa silinanjenjemere. Mpaka lero zimandinyansa kuti silinanjenjemere.

Asilikali anapezeka. Lamlungu lotsatira Aba anaitanitsa akuluakulu a mtundu wawo, anavala nduwira yawo ya pa zikondwerero, ndipo kuchokera ku Ichalkaranji kunabwera mchimwene wa Rohini, Sudhir, munthu wogwira ntchito pa makina oluka nsalu, amene anakhala kumapeto kwa mkeka ngati wabwera kudzapempha ntchito. Ine anandiitana kuti ndiwerenge pepala, poti ndine wachipatala. Ndinaliwerenga. Kenako ndinalipinda n'kunena zanga.

"Akuluakulu, pepalali silikunena kuti mayiyu walakwa. La bambo wa mwana palibe, chifukwa anathawa singano. Ndipo zoti mwana anasiya mkaka ndi bodza. Ndinawaona ndi maso angawa Aba akumumwetsa pokamira, osati kamodzi. Ena mwa inu munali pomwepo, mukuwomba m'manja."

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena achita manyazi. Ayi ndithu! Aba anapotokola ndevu n'kutukula chifuwa.

"Eya, ndinamumwetsa. Mdzukulu wanga afe ndi njala njati zili pakhomo? Mkaka woona ndi maso sunalakwirepo munthu. Ndikanapanda ine, bwenzi mwanayu ali mafupa okhaokha."

Mitu yonse inagwedezeka kuvomereza. Mkulu wina wopanda mano anati n'zoona, iye wamwa mkaka umenewo zaka makumi asanu ndi limodzi ndipo akulankhula bwinobwino. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti munthu yemweyo, masabata angapo apitawo, ankati mwana anamanidwa mkaka theka la chaka. Mwana akamwa, wolakwa ndi Rohini. Akapanda kumwa, wolakwa ndi Rohini yemweyo. Sudhir anatsegula pakamwa, anayang'ana nduwira ya Aba, n'kutsekanso.

Chigamulo anachikulunga bwino ngati mphatso. Akuti mtengwa watopa, apite kwawo akapume. Mpaka liti, sananene. Mwana atsala, chifukwa mwana wa mwana wamwamuna ndi wa nyumba ino.

Apa m'pamene Rohini analankhula, koyamba pamaso pa akuluakulu. Sari inagwa kumutu, sanaibweze.

"Apongozi, nditukwaneni mmene mungathere. Magazi anga ndi oipa, ndavomera. Koma mwanayu sadya ngati sindinamudyetse ine. Sadziwa kunena kuti pakupweteka ndi apa. Ndisiyeni ndizigona kukhola la njati, bola ndizimuona."

"Kambuku saleredwa ndi misozi," anatero Aba.

Rohini anayang'ana kwa mwamuna wake. Uttam ankathira madzi m'makapu a alendo, mosamala kwambiri kuti asatayike.

Rohini anachoka madzulo omwewo ndi sutikesi imodzi. Anagwada pafupi ndi mwana, amene anali pakona kuzunguza chivindikiro chake, anamununkhiza m'mutu nthawi yaitali, n'kuimirira. Mwana sanacheuke. Mlongo wawo wa Aba, mayi wamasiye amene anabwera kudzathandiza, ananong'ona mokweza kuti, "Mwaona, sakumudziwa n'komwe." Chitsiru cha mayi. Mwanayo anayamba kukuwa dzuwa litalowa, ataona kuti mbale yabwera ndi dzanja lina, ndipo kukuwako tinakumva msewu wonse kwa masabata atatu.

Masiku oyamba Aba ankapita naye pokamira monyadira, poyera tsopano, atamuveka kakabudula kofiira ka ogwetsana. Tsiku lachisanu mwana anakana kapu. Aba anamupana nsagwada kuti amumwetse mokakamiza, ndipo Shardul anawaluma chala mpaka magazi, anaponya kapu pamphuno pa njati, njati inamenya ndowa, mkaka wonse mumsewu. Wina pagulupo anaseka n'kunena kuti kambuku wayamba ndi mwini wake. Ena anaseka nawo. Aba akhoza kupirira zambiri, koma osati kusekedwa pamphambano. Kuyambira tsiku limenelo mwana sanaonekenso pokamira. Ankamutsekera m'chipinda chakumbuyo.

Rohini ankandiimbira foni tsiku lililonse. Wadya? Akumwa mapiritsi? Mwamuona? Ndinayesa kulowa kawiri, mlongo uja anandibweza pachipata. Ndinkamunamiza Rohini kuti zikuyenda, iye n'kumandithokoza, tonse tikudziwa kuti ndi bodza.

Sabata yachitatu ikutha, Aba anandiitanitsa, akuti ndibwere ndi zida zanga. Ndinathamanga, ndikuganiza kuti mwana wadwala. Ndinapeza nsapato zachilendo pakhomo, nyumba itakolopedwa, makapu abwino aja a alendo ali patebulo. Pampando panakhala bambo ndi mayi ena ovala bwino, ndipo pakati pawo mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi zinayi, maso pansi, mkono umodzi atauika kale pa pilo. Uttam anali atameta tsitsi.

"Mangala, mwana wanga, lowa," anatero Aba, mawu okoma ngati uchi. "Uyu ndi Tejashri. Tisanamupatse sari ndi shuga wa chitomero, tikufuna umupime asilikali aja. Tinapsa kamodzi, sitikufuna kupsanso."

Anthu amene ankati kupima kumeneku ndi misala ya ku Pune, tsopano akufuna kusankhira nako mkazi, ngati mmene amayang'anira mano a njati pamsika.

"Mkazi wa Uttam ali moyo," ndinatero.

"Za kukhoti zikukonzedwa. Iwe baya."

Ndinatembenukira kwa mayi wa mtsikanayo. "Mayi, ine mwana wanu sindimubaya. Koma musanalandire shuga wawoyo, afunseni chifukwa chimene mkwati anatsitsira mkono wa malaya. Afunseninso kuti amene akukuwa kuseriyo ndi ndani."

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo anayang'ana tiyi. Ankadziwa kale zonse. Nyumba ya njati zisanu ndi imodzi sikanidwa chifukwa cha kamwana kolira.

"Tuluka," anatero Aba. "Obaya anthu ndi ambiri m'tauni muno."

Ndinatuluka. Ndikuvala nsapato pakhonde, ndinamva chitseko cham'mbali chikutseguka. Anali mlongo uja, akukoka Shardul padzanja. Mwana anali ataonda mpaka maso kulowa, milomo yosweka, pamphumi pali chotupa. Dzanja lina mayiyo ananyamula jumbo ya pulasitiki ya zovala. Aba anasuzumira pawindo, mawu atatsitsa kuti alendo asamve.

"Poti njira yako imadutsa kudepoti, kamusiye kwa mayi ake. Akusokoneza alendo."

Malovu anadzaza m'kamwa, koma ndinawameza, chifukwa ndinaopa kuti ndikalankhula angasinthe maganizo. Ndinaimbira kuntchito kuti ena atenge odwala anga, ndinasiya njinga pa sitolo ya mnzanga, n'kukwera basi ya ku Ichalkaranji. Ulendo wonse mwana anatseka makutu, mutu atautsamiritsa pagalasi.

Rohini tinamupeza akuyanika zovala kuseri kwa nyumba ya bambo ake. Atationa anaponya ndowa. Sanathamange, amamudziwa mwana wake. Anagwada patali pang'ono n'kudikira. Shardul anayenda mokhotakhota ngati sakumuona, anamuzungulira, kenako anatembenuka n'kukhala pamiyendo pake chafutambuyo. Kukuwa kwa masabata atatu kunathera pomwepo. Rohini anamugwira nthiti imodziimodzi, anamuona chotupa chija, ndipo sanandifunse chilichonse cha zimenezo. Anafunsa china, mikono itamuzinga mwana ngati wina abwera kudzamulanda.

"Achemwali, anena kuti ndimubweze liti?"

"Sanatchule."

"Mawa? Lamlungu?"

"Rohini, sanatchule. Sadzamuitanitsa."

Ndinaona nkhope yake ikumasuka, mpaka anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene watula katundu. Kenako anamvetsa chimene ndinkatanthauza, ndipo kusekako kunazima. Anayang'ana jumbo ija, mmene munali zovala zonse za mwana, ndi za nyengo yozizira zomwe.

"Nanga bambo ake anati chiyani pomutsanzika?"

"Sanatuluke," ndinatero. "Anali ndi alendo."